Zakeyu Sanatope ku Quelimane

Pali nkhani imene imakambidwa kuno kwa Majaua, makamaka pa zikwati ndi poumba njerwa, pamene manja ali pa ntchito koma pakamwa pali pa ulova. Amati ine ndinatenga Zakeyu, mwana wa mlongo wanga, amene anasankhidwa kukathamanga pa mpikisano wa chigawo chonse cha Zambezia, ndi kumuzungulitsa mzinda wa Quelimane dzuwa lili paliwombo pofuna kumuonetsa sukulu imene ndinaphunzirako. Ndipo kuti m'mawa mwake anathamanga ndi miyendo yakufa kale, n'kukhala wachiwiri. Ena amawonjezapo kuti ndinamumwetsa makokonati asanu. Ena amati ndinagwira geti la sukuluyo n'kulira. Ambiri mwa okamba zimenezi sanapitirirepo pa Liciro, koyambirira kwa msewu wa ku Quelimane, ndipo amene anaiyambitsa nkhaniyi anaiona ali pamwamba pa matumba a nyemba, galimoto ikuyenda. Ine ndinalipo kuyambira ponyamuka mpaka pobwera. Choncho ndilemba monga zinachitikira, ndipo pamene ndinalakwa ndinenapo, pakuti palipo pamodzi.

Chinali chaka chachitatu chibwerereni kuchokera ku misasa ya othawa nkhondo ya ku Malawi. Ana tinkawaphunzitsira pansi pa mtengo, tchalitchi chinali chisakasa, ndipo munda uliwonse unali kulimbana ndi tchire la zaka zambiri. Zakeyu anali atakwatira Jasinta, nakhala pa chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Nkhoswe wa kuchimuna ndinali ine. Wa kuchikazi anali a Sabuneti, malume ake a Jasinta, mwini mbumba, munthu wa lilime lakuthwa amene akanena chinthu pagulu sachibweza. Zakeyu ankalima bwino ndithu, koma anali ndi chizolowezi chimene apongozi ake sankachimvetsa: m'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ankathamanga mpaka ku mtsinje wa Ruo ndi kubwerako, popanda womutuma. Atapambana mpikisano wa ku Milange, umene unkayambira pa msika kukafika pa malire ndi kubwerera, anapatsidwa kalata yoti akaimire dera lathu ku Quelimane. Tsiku lake linagwa pakati penipeni pa nyengo younda mizere.

A Sabuneti anabwera kwanga atagwira kalatayo pa ngodya, ngati ili ndi linthumbwi.

"Aphunzitsi, tandiuzani inu ophunzira. Ife tinathamanga zaka zonse zija chifukwa kumbuyo kwathu kunali mfuti. Nanga akamwini athuwa akuthawa chiyani? Khasu?"

Ndinawafotokozera kuti m'maiko ena kuthamanga ndi ntchito yolemekezeka, ndipo kuti katswiri amakweza dzina la kwawo.

"Kumaikoko amadya chiyani, fumbi?" Anaika kalatayo pa bondo langa. "Chabwino, apite. Koma munda wa mwana wanga akuusiya pa theka. Akabwera ali woyamba, mizere yotsalayo ndidzaunda ndekha ndi msana wangawu. Akabwera ndi nambala ina iliyonse, adzapeza mphasa yawo ili panja, ndipo inu ankhoswe mudzawathandize kunyamula."

Anthu a kutali angayese kuti kunali kucheza. Kwathu kuno mphasa ya mkamwini ikatulutsidwa ndiye kuti ukwati watha, ndipo mwana amatsala kwa amake. Jasinta anali ndi khanda la miyezi inayi. Ndicho chifukwa chake ndinapita nawo pa ulendowu. Nkhoswe sakhala pansi pamene banja limene analimanga likugwedezeka, ndiponso Zakeyu, amene anakulira ku msasa, Chipwitikizi chake chinkathera pa moni.

Tinanyamuka Lachiwiri m'mamawa, ine pa njinga, iye wapansi. Ndinamuuza kuti akwere pa kaliyala, koma anangoseka. Njira ya ku Milange ankaidziwa ngati m'nyumba mwake, pakuti ankatumidwa kawirikawiri ndi makalata a ku tchalitchi. Ulendo wonsewo ndinangoona msana wake, ndipo pa zitunda ndinkamupeza atakhala pa mwala akundidikira. Njinga tinaisiya kwa Paulo, mkulu wake, amene amasoka nsapato pa msika wa Milange. Paulo ali ndi mwendo umodzi. Anatulutsa nsapato zansalu zimene anazisoka kawiri konse, napatsa mng'ono wakeyo.

"Ukathamangire tonse awiri," anatero. "Ukapata kanthu, theka ndi langa. Nsapato zikang'ambika, zonse ndi zako."

Masiku amenewo galimoto yopita ku Quelimane sinkayendera nthawi, inkayendera mwini wake. Tinapeza lole ya a Kalisito, amene ankaiyendetsa okha, itaima pafupi ndi msika, ndipo iwo anatitsimikizira kuti tinyamuka pompano. Pompanoyo anatenga tsiku limodzi ndi theka. Poyamba tinkadikira nyemba. Nyemba zitakwera tinadikira mwini nyemba, mayi Filomena, amene anali atawoloka malire kukagula shuga ku Muloza. Mayiwo atabwera, dalaivala ndiye anasowa. Pamwamba pa nyembazo panakwera malata, makina osokera, mbuzi ziwiri, chitseko chatsopano cha bambo wina amene ankabwerera kwawo ku Namanjavira asakudziwa ngati khoma loikapo chitsekocho lidakalipo, ndi ife anthu ngati makumi awiri. Mtengo unali pawiri, wa kutsogolo pambali pa dalaivala ndi wa pa katundu. Ndinafunsa wa kutsogolo, ndipo nditaumva ndinaona kuti mphepo ya pamwamba ndi yabwino ku thanzi.

Tinanyamuka Lachinayi kutacha. Tisanapitirire n'komwe phiri la Tumbine, mayi Filomena anali atadziwa kale aliyense kumene akupita ndi chimene akukachita. Atafika pa Zakeyu anakhazikika bwino pa thumba lawo.

"Achimwene, akuti mukupita kukathamanga?"

"Eya, mayi."

"Ku Quelimane?"

"Eya."

"Nanga mwakwereranji lole? Mukanayamba dzana, bwenzi pano mutafika, ife tidakamangabe zingwe."

Anthu anaseka, ndipo Zakeyu anasekanso, pakuti ndi munthu wosapsa mtima.

Amene sanayende msewu wa ku Mocuba zaka zimenezo sangaumvetse. Lole inkatsata mizere iwiri ya matayala a inzake, osapatuka ngakhale pa dzenje. M'mbali munali timitengo topaka utoto wofiira, tosonyeza pamene pali mabomba okwirira, ndi mafupa a magalimoto otenthedwa amene udzu unali utamera m'kati mwake. Lole ikaima kuti anthu adzithandize, palibe ankalowa pa tchire. Amuna ankapita kutsogolo kwa galimoto, akazi kumbuyo, onse mumsewu momwemo, aliyense akuyang'ana kumwamba ngati akufunafuna mvula.

Titapitirira Alto Benfica, dzuwa litafika pamutu, kutsogolo kwa lole kunatuluka nthunzi. Payipi ya madzi inali itaphulika. A Kalisito anaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, ntchito imene zinaoneka kuti anaizolowera, koma madzi onse anali atathera pansi. Mtsinje unali kutsogolo, ulendo wa ola limodzi kupita ndi kubwera kwa munthu woyenda bwino. Amene ananyamula chigubu anali a Bonifasiyo, mlamu wake wa dalaivala, amene ntchito yawo inali kumanga zingwe ndi kuika mwala ku tayala. Munthu wamkulu msinkhu, wa mimba yotsogola, wovala mapatapata.

"A Kalisito, tili ndi katswiri pano, mukutumiranji mimba?" anafuula mayi Filomena. "Achimwene, tsikani mutionetse zimene mukukagulitsa ku Quelimane."

Zakeyu anatsika natenga chigubu chachiwiri. Pamenepo msewu ndi wowongoka ndi wotsetsereka, choncho tonse tinaimirira pa matumba kuti tione fumbi. Fumbi silinaoneke. Tinaona a Bonifasiyo akuyenda mwachifatse ngati akupita kwa apongozi, ndipo Zakeyu ali kumbuyo kwawo, mutu uli pansi. Anazimiririka chomwecho, ndipo tinakhala pa dzuwa mpaka mbuzi zinaleka kulira. Bambo wa chitseko uja anachiimika kuti chitipatse mthunzi, ndipo tinkasinthana kukhala kuseri kwake ngati alendo odikira kuti atsegulidwe. Otunga madziwo anatulukira dzuwa litapendeka, a Bonifasiyo patsogolo, Zakeyu pambuyo atasenza zigubu zonse ziwiri.

"Aphunzitsi, kodi simunasinthanitse anthu?" anafunsa mayi Filomena. "Wa mpikisano si a Bonifasiyo? Iwowa ndiwo akhala oyamba popita ndi pobwera pomwe."

Manyazi anandigwira, ndipo ndinatsika ndi kuyenda pang'ono mumsewumo ngati wowongola miyendo. Pa mchenga ndi pamene ndinaona chinthu chimene ena onse sanachione. Mapazi a a Bonifasiyo ankaoneka bwinobwino, ndipo m'kati mwa phazi lililonse munali chidindo cha nsapato yansalu. Ndinatsata mtunda ndithu. Panalibe ngakhale phazi limodzi la Zakeyu limene linagwa pambali.

Ndinamuitanira kutsogolo kwa lole, kumene kunalibe makutu ambiri.

"Zakeyu, bwanji sunawapitirire?"

"Msewu uno sindiudziwa, amalume."

"Malole amadutsamo tsiku ndi tsiku."

"Mutu wanga ukudziwa zimenezo. Miyendo ndiyo imakana."

Ndiyenera kufotokozera ana obadwa pambuyo pa mtendere. Pobwerera kuchokera ku Malawi tinkayenda mondondozana, wamkulu patsogolo, aliyense akuponda pamene wapondapo mnzake, ndipo mwana akaponda pambali ankakwapulidwa pomwepo. Zakeyu anali kumbuyo kwa Paulo tsiku limene Paulo anazindikira mtengo wa mango wa pa bwinja la amayi awo, napatuka mapazi atatu okha, naponda bomba. Tinkayesa kuti zimenezo zinatsala m'mbuyo. Pamsewu paja ndi pamene ndinazindikira chifukwa chimene Zakeyu anapambanira ku Milange: njira ya ku malire anaiyenda kosawerengeka atasenza katundu wa amalonda, ndipo miyendo yake inkaikhulupirira. Ku Quelimane anali asanapondeko chibadwire. Wothamanga amene sangathe kupitirira mnzake, ngakhale akhale waliwiro chotani, amathera pa nambala yachiwiri, ndipo a Sabuneti anali atatchula nambala imodzi yokha.

Nzeru inandibwerera tisanafike ku Namanjavira, pamene tinatsitsa bambo uja ndi chitseko chake pa malo pamene ife sitinaonepo nyumba iliyonse. Ngati miyendo ya Zakeyu imakana njira yachilendo, inafunika kuidziwa njirayo mpikisano usanayambe. Chofunika chinali kufika msanga. Mpikisano unali Loweruka m'mamawa.

Ku Mocuba tinafika mdima utagwa, ndipo tinagona pa khonde la sitolo yopanda denga. Lachisanu tambala atangolira tonse tinali pa matumba, kupatula a Kalisito, amene anawoloka mtsinje wa Licungo kukaona za mafuta. A Bonifasiyo anatiuza motsitsa mawu kuti tsidya limenelo kunali banja lachiwiri. Ndinayang'ana dzuwa likukwera ngati munthu woonerera nkhokwe yake ikupsa. Dalaivalayo anatulukira cha m'ma naini koloko, atavala malaya ochapa ndi kusita.

"Mafuta a ku Mocuba amachapanso malaya?" anafunsa mayi Filomena.

"Amasitanso, mayi," anayankha a Kalisito, nalowa kutsogolo osachita manyazi.

Kuchokera ku Mocuba msewu unali waphula, koma phulalo linatsala apa ndi apo ngati zigamba pa buluku la kumunda. Pa Nicoadala tinaima kuti anthu agule zinanazi, ndipo Zakeyu atawerama kuti alandire chake, mbuzi imodzi inasolola kalata m'thumba la malaya ake. Tinailanda itadya kale ngodya imene panali moni. Chidindo chinapulumuka. Kuchokera pamenepo dziko ndi lathyathyathya, migwalangwa ndi mitengo ya kokonati mbali zonse, ndipo tinalowa mu Quelimane cha m'ma thu koloko masana, thukuta likuyenderera mpaka m'masokosi.

Kalaliki wolemba maina anaiyang'ana kalatayo nafunsa chimene chinaichitikira. Ndinamufotokozera m'Chipwitikizi, ndipo iye anafunsa kumene ndinachiphunzira, ndipo ndinamuyankha mwachidule, ngakhale Zakeyu amati sichinali chidule. Kenaka ndinamupempha kuti andijambulire njira ya mpikisano kuseri kwa pepala. Inkayambira pafupi ndi doko, n'kudutsa pakati pa mzinda, n'kutulukira ku minda ya kokonati, n'kuwoloka kamlatho ka pa dambo, n'kukathera pa bwalo la mpira kunja kwa mzinda.

Othamanga ena anali atagona chagada m'holo imene anatipatsa, miyendo ataitsamiritsa ku khoma.

"Tipume nawo, amalume," anatero Zakeyu.

"Sitipuma. Tiyenda njira yonseyi lero lomwe, ine patsogolo, iwe pambuyo, kuti mawa miyendo yakoyo isadzanene kuti siikuidziwa."

Anawerama namanga zingwe za nsapato.

Tsopano ndafika pa nkhani ya sukulu. N'zoona kuti sukulu imene ndinaphunzirako ili pa njira imeneyo. Si ine amene ndinaiikapo, ndipo si ine amene ndinajambula njirayo. N'zoonanso kuti ndinaima pa geti, nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Mawindo analibe magalasi, koma mtengo wa pakati pa bwalo unali udakalipo. Zimene zinali pa nkhope yanga linali thukuta, monga aliyense wodziwa Quelimane angachitire umboni. Nthawi yomweyo lole ya a Kalisito inadutsa ikupita ku msika, mayi Filomena ali pamwamba.

"Aphunzitsi! Mwanayo mukumulembetsa sukulu kapena akuthamanga?"

Zimene mayiwo anaona ndi zokhazo. Kokonati tinagula imodzi, ndipo tinagawana.

Kulakwa kwanga kunali kwina. Ndinali nditavala jekete ndi nsapato za ku tchalitchi, popeza ndinkakaonekera kwa akuluakulu, ndipo ndinaiwala kuti zaka zanga zinali kuyandikira makumi asanu ndi limodzi. M'mzinda ndinayenda bwino. M'minda ya kokonati matuza anayamba. Ndinavula nsapato, koma nthaka inali yotentha ngati chiwaya. Ndinazivalanso, ndipo zinakana kulowa bwino. Pofika pa kamlatho, dzuwa likulowa, ndinakhala pansi ndipo sindinathe kudzukanso. Chotsala chinali chidutswa chaching'ono, ngati kuchokera pa tchalitchi chathu kukafika ku dambo. Mitengo ya pa bwalo la mpira inkaoneka.

"Pita wekha ukafike pajapo, ubwerenso," ndinatero.

Zakeyu anayang'ana tsidya la mlatho, nayang'ana mapazi ake. Panalibe munthu wolowera kumeneko woti amutsate. Sindinamukakamize. Ndinati tidzamaliza m'mawa, ngakhale ndinkadziwa kuti m'mawa sipadzakhala nthawi. Anandibereka kumsana mtunda wautali ndithu, mpaka tinapeza bambo wa njinga amene anavomera kundikweza. Ndipo pobwerera ku mzinda, pa njira imene tsopano ankaidziwa, Zakeyu anathamanga patsogolo pa njingayo akuimba nyimbo ya ku kwaya. Amene amati miyendo yake inali itafa andiuze ngati munthu wotopa amabereka malume ake.

Loweruka kutangocha othamanga anaitanidwa. Ine ndinapempha malo pa galimoto yopita ku bwalo la mpira, koma ndinatsikira pa kamlatho, nditakulunga mapazi ndi nsanza. Panali kale khamu la anthu. Tinadikira, ndipo kenaka m'minda ya kokonati munatulukira munthu mmodzi yekha, wa nsapato zansalu, akubwera mopepuka ngati watumidwa kukapala moto. Kumbuyo kwake kunalibe aliyense. Anthu anayamba kufunsana kuti ameneyu ndi wa kuti, ndipo ine ndinawauza, mwina mokweza kuposa mmene zinafunikira.

Atafika pa mlatho anachepetsa liwiro. Atawoloka anaima, akupondaponda pamodzimodzi, nacheuka. Khamu linafuula m'Chichuwabo ndi m'Chipwitikizi kuti apite. Ine ndinafuula m'Chinyanja, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi, ndipo ndinatchula dzina la Jasinta ndi la khanda lomwe. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akuyesetsa. Anaponya phazi limodzi kutsogolo, nalibweza. Anthu oonerera anali m'mbali, pakati pa msewu panali pambalambanda. Patapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, kunatulukira mnyamata wamtali wa ku Gurúè, akupuma ngati mvukuto. Anadutsa, ndipo Zakeyu analowa kumbuyo kwake, namutsata phazi ndi phazi mpaka pa chingwe.

Wachiwiri anapatsidwa bulangete ndi pepala la ulemu. Wa ku Gurúè uja anandifunafuna pambuyo pake, nandifunsa ngati mbale wangayo ankamunyoza, pakuti anamupumira m'khosi njira yonse yotsalayo osatuluka n'thukuta lomwe. Ndinamufotokozera. Atamva, anapita kukagwira Zakeyu chanza ndi manja awiri.

Za ulendo wobwerera sindinena zambiri. Tinachedwa masiku awiri kudikira mapazi anga ndi galimoto, ndipo mayi Filomena, amene anagulitsa nyemba zawo msanga, anatitsogolera ku Milange. Pofika ife kwa Majaua nkhani ya sukulu inali itafika kale, itanenepa panjira. Mphasa inali panja. Tinamva kuti Jasinta ankailowetsa madzulo aliwonse, ndipo a Sabuneti ankaitulutsa m'mawa uliwonse, mwakuti mphasayo inali itayenda ulendo wautali kuposa ife. Zakeyu anagona kwanga, ndipo ankhoswe tinapangana zokumana Loweruka lotsatira pa bwalo la tchalitchi, limene akhristu tinali titalilambula ndi kulisalaza kuti tiumbirepo njerwa.

M'bandakucha wa tsikulo kunagwa chizimalupsa, mvula yochepa yongofewetsa nthaka. Ine ndi Zakeyu tinalawirira, ndipo mvulayo inatipeza titakhala kale pansi pa chisakasa. A Sabuneti anafika ndi mbumba yawo yonse, nakhala moyang'anana nafe, Jasinta ali kumapeto ndi khanda pamiyendo. Ndinafotokoza zonse monga ndalembera pano, kuyambira pa zigubu mpaka pa mlatho, osabisa za matuza. Zakeyu sanayankhule, pakuti mkamwini satsegula pakamwa pamaso pa apongozi pamene nkhoswe wake alipo.

"Ankhoswe anzanga," anatero a Sabuneti nditamaliza, "nkhani yanu ndi yokoma, ndipo mukanaikamba m'Chipwitikizi ikanakoma koposa. Koma njira ya ku Malawi ija tinayenda tonse. Ine ndemwe ndinali patsogolo pa anthu awa. Za Paulo tonse tinalira. Koma nkhondo inatha, Aphunzitsi, tinakololapo kawiri. Ndani pano amene adakapondabe pa phazi la mnzake? Mwanayo munamutopetsa ndi sukulu yanu. Vomerani, anyamule mphasa, tikalime."

Mbumba inang'ung'udza movomereza. Mboni ndinalibe, wa ku Gurúè anali kutali, ndipo a Bonifasiyo sankadziwa n'komwe chimene chinkachitika kumbuyo kwawo. Jasinta anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje. Ndinayang'ana pansi, monga amachitira munthu amene mlandu wamukanika, ndipo maso anga anatsata nthaka yonyowayo mpaka ku mapeto a bwalo.

"A Sabuneti, mwabwera anthu angati?"

"Werengani nokha, aphunzitsi ndinu."

Ndinawerenga mokweza. Anali khumi ndi awiri.

"Bwalo lino analambula ndani?"

"Ife tomwe, ndi makasu athu."

"Muli bomba?"

"Mwayamba kufunsa za chibwana tsopano."

"Tatembenukani muone kumene mwachokera."

Anatembenuka onse. Bwalolo ndi lalikulu, lotha kuyendamo ng'ombe khumi mopingasa, ndipo mvula inali italisalaza ngati pepala. Kuchokera ku njira mpaka pa chisakasa panali mzere umodzi wokha wa mapazi. Zidindo zinali za nkhwaira zazikulu za a Sabuneti, ndipo m'kati mwa chilichonse munali mapazi ang'onoang'ono opondana, zala pa zala, chidendene pa chidendene. Kumanja ndi kumanzere nthaka inali yosakhudzidwa.

Amayi ake a Jasinta ndiwo anayamba kuyankhula. "Mayo ine! Achimwene, ine sindinadziwe n'komwe kuti ndikutero."

"Nanenso," anatero wina.

A Sabuneti anaimirira napita pa mzerewo. Anawerama, manja ali kumbuyo, nauyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza mapazi a nguluwe m'munda mwake koma mapaziwo ndi ake omwe. Palibe anaseka. Atabwerera sanayang'ane ine, anayang'ana Zakeyu.

"Akamwini, pa mlathopo munaima nthawi yaitali bwanji?"

Zakeyu anandiyang'ana, ndipo ndinamulola ndi mutu.

"Ngati yomangira mtolo wa nkhuni, bambo."

"Ndipo winayo anakupezani mukumudikira?"

"Eya, bambo."

A Sabuneti anatsokomola. "Jasinta, kalowetse mphasa ija, isatulukenso. Mizere yotsala tiunda tonse awiri, ine ndi akamwini, iwo mbali yawo, ine yanga. Aphunzitsi, mwanena zoona, ndipo musayembekeze kuti ndibwereza."

Sanabwereze, koma anthu khumi ndi mmodzi anamva.

Ponyamuka anaima pa mphepete mwa chisakasa nakweza mawu. "Balalikani! Bwalo lonseli ndi lathu. Aliyense ayende pake!"

Anabalalika ndithu, wina kumanja, wina kumanzere, akuseka ndi kukweza mapazi ngati oyenda m'madzi. Ine ndinatsala pa chisakasa ndikuwayang'ana. Asanafike pa njira, a Sabuneti anali patsogolo, mlongo wawo kumbuyo kwawo, ena onse mondondozana, ndipo kumapeto kwenikweni kwa mzerewo kunali Zakeyu, atanyamula mwana wake.